Ndinawayeretsa Agogo Mpaka Mlongo Wawo Anawakana

Anzanga, mukaona munthu wakoleka kamera m'khosi musamafulumire kumupatsa ulemu, chifukwa ine ndinayenda nayo miyezi ndithu pa famu pathu pano, anthu akunditchula kuti "ajambuli," pamene sindinkadziwa ngakhale komwe fumbi limalowera. Kamerayo anandisiyira alamu anga atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, yakale koma yooneka yodula, yakuda, ya galasi lochotseka lija. Ine ntchito yanga ndi yosankha fodya m'shedi nyengo yake ikakwana, nyengo zina ndi ganyu basi, amene kuno timati maricho, komwe kwafunika khasu ndiye komweko. Koma kamera itangofika, kayendedwe kanga kanasintha. Ngakhale popita kukatunga madzi ndinkaikoleka, osajambula kanthu, kungofuna kuti anthu aone kuti mtsikana uja si wa fodya yekha ayi.

Munthu woyamba kundikhulupirira anali agogo anga aamuna, a Sandalamu Phiri, bambo awo a mayi anga, ndipo ndi iwowo amene ndinawagwetsera m'mavuto. Mayi amagwira ntchito ku Norton, ndiye pakhomo timakhala awiri, ine ndi iwo. Agogo anachoka ku Dedza ali kamnyamata kudzafuna ntchito m'mafamu a fodya kuno ku Halale, anagwirako ku mgodi ku Mhangura, kenako n'kudzakhazikika pa famu ino kufupi ndi Marondera, komwe anakwatira, kubereka, kuika mkazi m'manda, osapondakonso kwawo. Mtchona weniweni. Kumudziko anthu anamva kalekale kuti mgodi unawagwera, analira maliro, nkhani n'kutha. Agogo za kumudzi sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangokokera chipewa chawo kutsogolo n'kuyamba nkhani ya mvula.

Chaka chathachi, dalaivala wina wa mathiraki amene timapemphera naye, yemwe amadutsa ku Dedza pafupipafupi, anafunsafunsa mpaka anapeza kuti mlongo wawo wamkulu wa Agogo, a Esinati, akadali moyo. Anatibweretsera nambala ya mdzukulu wawo, mayi wina wophunzitsa sukulu dzina lake Alinafe. Tsiku limenelo Agogo sanadye, ankangozungulira nyumba akufunsa ngati ndalemba kale. Ndinamulembera Alinafe, iye anakawauza agogo akewo, ndipo yankho linabwera louma. A Esinati anati mlongo wawo anamulira kale, ndipo masiku ano akuba a pafoni achuluka, munthu amadzitcha m'bale wako m'mawa, madzulo wakusiya uli manja lende. Ngati ndi Sandalamu weniweni, atumize nkhope yake aione. Mawu sakuwafuna, mbiri sakuifuna, nkhope basi.

Alinafe ananena zanzeru, kuti akhoza kuwatengera agogo akewo kumsika komwe netiweki imagwira bwino, anthu awiriwa n'kuonana pafoni maso ndi maso. Ine ndinakana. Ndani akanalola? Ndili ndi kamera yonseyi, agogo anga n'kukaonekera pa kafoni ngati munthu wotsatsa tomato? Ndinawauza Agogo kuti pafoni nkhope imaoneka yotupa, ndipo mlongo wawo ayenera kuona kuti zaka zonsezi sanali kugona m'ngalande. Agogo paja ndi munthu wokonda kutchena, sanachedwe kuvomera. Anakabwereka suti kwa mkulu wa mpingo, pangano lake lakuti ibwerere tsiku lomwelo chifukwa mwini wake ankanyamuka nayo m'mawa mwake kupita ku ukwati ku Norton. Anameta ndevu ndi lumo latsopano, anadzola mafuta, nsapato n'kupukuta ngakhale ndinawauza kuti pachithunzi sizioneka.

Lachisanu m'mawa ndinawakhazika pampando kutsogolo kwa khoma la balani ya fodya, n'kuwachonderera kuti avule chipewa. Anavula monyinyirika, n'kuchigwirizira pabondo. Ine ndinabwerera m'mbuyo, ndinagwada ndi bondo limodzi monga amachitira ajambuli a m'tauni, n'kudina. Kuyang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, chithunzi chabwino ndithu, koma patsaya la Agogo pali kadontho kakuda. Ndinati ndi ntchentche. Ndinakupiza dzanja, kujambulanso, kadontho kali pomwepo. Ndiye ndinati mwina ndi mwaye, paja m'mawa Agogo ndi amene amasonkha moto. Ndinathamanga kukanyowetsa kansalu, n'kuwapukuta tsaya. Kujambula, kalipo. Ndinabwera ndi sopo. Kujambula, kalipo! Ndinalikwecha tsaya limenelo, anzanga, munthu wamkulu atavala suti yobwereka, atatsinzina, thovu likutsikira kukolala, mpaka anandigwira dzanja.

"Nabanda, mkazi wanga," anatero, paja amanditchula choncho moseleula kuyambira ndili khanda, "ukufuna kundijambula kapena kundisenda?"

Ndinawapempha kuti asunthe pang'ono, mwina ndi mthunzi. Atasuntha, kadontho kanachoka patsaya n'kukakhala pakhutu. Apa munthu wanzeru akanadziwa kale. Ine ayi, ndinayamba kuunika khutu, kansalu kali m'manja. Chimene chinawapulumutsa Agogo ndi mbuzi ya aneba imene inadutsa pakati pathu ndikudina, nayonso inatuluka ndi kadontho pamimba. Ndinaloza kumwamba, mtambo unali ndi kadontho. Ndinajambula khoma lokhalokha, kadontho kali phee malo omwewo. Pamenepo ndinavomereza kuti Agogo anasamba bwino, litsiro linali m'kamera. Zithunzi zonse za kadontho zija ndinazifufuta pomwepo kuti wina asadzazione.

Ndinapukuta galasi lakutsogolo ndi nsonga ya chitenje, palibe chinasintha. Ndinachotsa batire n'kubwezera, ndinachotsa kakhadi kosungira zithunzi n'kukapukuta pabulauzi, ndinaigwedeza kamerayo pafupi ndi khutu ngati bokosi la machesi. Zitakanika ndinawauza Agogo kuti adikire pang'ono, n'kuthamangira pachulu cha kuseri kwa komboni, nyumba zathu za antchito zija, komwe ife tonse timakapeza netiweki. Ndinapeza kakanema ka bambo wina wofotokoza vuto lomweli. Anati dontho likamakhala malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti fumbi lalowa mkati, lakakhala pa kagalasi komwe chithunzi chimagwera. Anachotsa galasi lakutsogolo, kamera n'kuizondotsa, anatenga kampira kooneka ngati dzira, n'kumakafinya kuti mpweya uuluze fumbilo. Anali kunenanso zina akugwedeza chala ngati akuchenjeza, koma bandulo inali ikutha ndiye ndinatseka. Chachikulu ndinali nditamva kale, ndi mpweya.

Kampira kameneko ndikakapeza kuti pa famu? Koma pampu ya njinga ilipo. Ndinaganiza kuti ngati kampira kakang'ono kaja kamathandiza, pampu ithandiza koposa, ndipo ndinadzitama mumtima kuti nzeru zoterezi za m'tauni sazidziwa. Ndinakabwereka ya a Moyo, amene amayang'anira shedi. Pampu imeneyo imakhala pamsomali m'shedi yosankhira fodya chaka chonse, ndipo eni ake amaithira oilo wakale wa thirakitala kuti isamalire. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinachotsa galasi, kamera n'kuwagwiritsa Agogo itayang'ana kumwamba ngati mbale yolandirira ndiwo, za kuzondotsa zija nditaiwala, ine n'kuloza paipi mkati, n'kupopa ndi mphamvu zonse za munthu wozolowera khasu. Ndinaona kautsi kofiirira kakutuluka m'paipimo, koma ndinati ndi fumbi lija likuthawa. Agogo anayetsemula.

Kubwezera galasi, kujambula. Mayo ine! Kadontho kamodzi kaja kanali kataitana abale ake onse. Nkhope ya Agogo, suti, khoma, zonse zinali mawanga okhaokha ngati nkhanga. Ndinatsegulanso n'kuuzira ndi pakamwa, ndipo ndikuuzeni lero kuti mpweya wa pakamwa suyenda wokha, umatengana ndi malovu. Ndinakulunga chala ndi chitenje n'kulowetsa kuti ndipukute, mawanga ena n'kusanduka mizere. Agogo anafunsa ngati zikutheka, ine ndinati zikuyenda bwino kwambiri, kamera zodula zimafuna kuzinyengerera.

Apa n'kuti dzuwa litakwera, thukuta likuyenderera m'suti ya eni ake, Agogo maso sakutsegulanso chifukwa cha kuwala. Ndinayang'ana uku ndi uku n'kuona mthunzi wabwino pafupi, pansi pa neti yobiriwira ya nazale, momwe mwini famu amafesera mbande za kabichi. Ndinanyamula mpando, n'kuwalowetsa m'menemo. Munali mozizira bwino, Agogo anatsegula maso, anakonza tayi, n'kumwetulira koyamba tsiku limenelo. Ndinajambula zambirimbiri, ndikudziuza kuti mawangawo ndikathana nawo pafoni, paja pali pulogalamu yofufutira. Madzulo suti inabwerera kwa mwini wake ikununkha sopo, thukuta ndi fodya.

Loweruka ndinasamutsira zithunzi pafoni kuti ndizione bwino, ndipo mpamene ndinadziwa kuti neti ija inali itachita zake. Agogo anali obiriwira. Osati pang'ono ayi, obiriwira ngati peyala losapsa, mano obiriwira, imvi zobiriwira, pamwamba pake mawanga. Suti inali ku Norton ikuvina ukwati, mwini wake atanena kuti akakhalako kwa mwana wake mpaka mwezi utathe, ndipo ndinadziwa kuti popanda suti Agogo sakhalanso pampando. Komanso ndikanawauza chiyani? Kuti ajambuli alephera? Pakamwa panga sipakanatuluka mawu amenewo.

Ndinasankha chimodzi chimene anamwetulira bwino, n'kukhala pansi pa mtengo kuyamba ntchito. Pulogalamu ija ndi yokoma, anzanga, ndipo ndilo vuto lake. Ukadina pabanga limasowa, pamalopo n'kubwera khungu losalala ngati silinakhalepo. Ndinayamba neti yakumbuyo kwawo, kenako suti, kenako nkhope. Lapachibwano, lapamphuno, lapatsaya, onse kupita. Pamwamba pa diso lamanzere panali lina lalikulupo, lopindika ngati chikhadabo, limene linakana kuchoka msanga. Ndinalitukwana kuti oilo wa a Moyo iwe, uona, n'kulidina mpaka linagonja. Dzanja litazolowera silinafunenso kuima. Makwinya a pachipumi ndinachepetsa, timatumba ta m'munsi mwa maso ndinachotsa, khosi ndinaliwongola pang'ono. Pomaliza Agogo anali bambo wosalala wa msinkhu wa amalume anga, koma wobiriwirabe.

Ndinakankha kamzere kosinthira mtundu, anasanduka achikasu ngati wodwala. Kubwezera mbali ina, anafiira ngati ali pafupi ndi moto wa balani. Ndinalimbana nazo mpaka chala chinadina pena pake, mitundu yonse n'kuchoka, kutsala zakuda ndi zoyera. Koma kukongola kwake! Ngati zithunzi za akuluakulu zopachika m'maofesi zija. Ndinatsala pang'ono kudziombera m'manja. Pulogalamuyo inandionetsanso mafelemu osiyanasiyana, ine n'kusankha ya maluwa oyera m'mbali ndi kankhunda pamwamba, poti Agogo ndi munthu wa mtendere. M'munsi ndinalemba dzina lawo lonse ndi zilembo zikuluzikulu, osawonjezera china chilichonse kuti chioneke cha ulemu.

Inu mwaona kale komwe zikupita. Ine amene ndimalandira zithunzi zotere pafoni sabata ndi sabata, n'kumalemba pansi pake kuti mzimu wawo uuse mumtendere, sindinaone kanthu.

Ndinawaonetsa Agogo, amene maso awo ayamba kuchita ng'ala. Anachitalikitsa, anachiyandikitsa, n'kufunsa ngati alidi iwo. Nditavomera anaseka mpaka kutsokomola, anati Esinati akamuona ameneyu adziwa kuti ku Halale munthu sakalamba. Ndinakwera chulu, kutumiza, ndipo chithunzi chitangopita foni inazima, batire yatha. Magetsi kwathu anali atathima kuyambira pakati pa sabata. Ndinatsika chulucho mtima uli mbee, ndikuganiza momwe anthu a ku Dedza akupatsirana foni, akufunsa kuti wajambula ndani.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kukatchaja pa kagolosale ka Mai Tendai, amene ali ndi sola. Nthawi imeneyo pakhonde pawo pamadzaza, ena akugula buledi, ena kungokhala kudikira nkhani. Foni itayaka, mauthenga a mawu anagwa motsatizana, onse ochokera kwa Alinafe. Foni yangayi sipika ya pakhutu inafa kalekale, imangolankhula mokweza. Ndinauza anthu kuti akhale chete amve momwe ku Malawi akuyamikirira ntchito yanga. Ndinawauza ndekha, palibe amene anandikakamiza.

Uthenga woyamba, Alinafe akusisima, kumbuyo kwake azimayi akulira mokweza, kulira kwenikweni kwa maliro. Ankafunsa kuti zachitika liti, anadwala chiyani, nanga bwanji sitinanene kuti munthu akudwala pamene tinkafuna kulumikizana. Anati agogo ake angoona maluwa oyera aja n'kugwa pansi. Mai Tendai anagwira pakamwa, n'kufunsa za Agogo, amene kuno amati sekuru.

"Maiwe, sekuru amwalira liti? Si ndawamva m'mawa uno akuimba besi kutchalitchi?"

Mayi wina amene anali atagula kale mchere wake sanadikire zambiri, ananyamuka akuthamanga kulowera kukomboni. Uthenga wachiwiri unayamba wokha, Alinafe akunena kuti amayi a kumpingo afika, anthu akubwera ndi ufa ndi nkhuni, agwirizana kuti alire pakhomopo ngakhale thupi lili kutali, ndipo akufuna kudziwa tsiku loika kuti nawonso akakhale pansi tsiku lomwelo. Ndinkafuna kuzimitsa foniyo koma chala chinakadina uthenga wachitatu.

Umenewo unalibe kulira. Alinafe ankalankhula pang'onopang'ono, mawu ozizira. Anati agogo ake atatsitsimuka anaitanitsa magalasi awo, anatenga foni, n'kuchiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja kuti anthu atonthole. Zimene ananena anawajambula mawu, ndipo tonse pakhonde paja tinawamva, mawu okalamba koma akuthwa.

"Womwalirayu Mulungu amulandire, koma si mlongo wanga. Sandalamu ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Uyu ndi mwana wa eni ake, akamulire abale ake."

Alinafe anamaliza ndi kunena kuti anthu abalalika, ufa wabwerera kwa eni ake, ndipo agogo ake ati tisawavutitsenso, kulira mlongo mmodzi kawiri kwawakwana.

Pakhonde paja anthu anayamba kuseka mobisa, kenako bambo wina anagwa pabenchi. Wina anandipempha kuti mawa ndikajambule apongozi ake. Ine sindinaseke. Ndinazula foni isanadzaze, ulendo kunyumba, kamera ikundimenya pachifuwa ndipo kwa nthawi yoyamba ndikulakalaka nditaibisa m'chitenje.

Pakhomo ndinapeza akuluakulu awiri a bungwe lathu la maliro ataima pageti, zipewa zili m'manja, atauzidwa ndi mayi wa mchere uja. Agogo anali pakhonde akusoka thumba, akuwafunsa mwachifundo kuti watisiya ndani. Akuluakuluwo anayang'anana, anati amangodutsa, n'kubwerera chammbuyo. Ine osapereka ngakhale moni, ndinapita n'kukweza chipewa cha Agogo. Chinali pomwepo, pamwamba pa diso lamanzere, chopindika ngati chikhadabo. Chipsera chimene ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse akamasamba kumaso, mpaka maso anga anasiya kuchiwerengera.

Ndinagwada n'kuwauza zonse, kuyambira maluwa oyera mpaka ufa wobwezedwa. Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena aseka, paja Agogo amaseka ngakhale pa zosaseketsa. Sanakalipe, sanaseke. Anaika thumba pansi, n'kugwira chipseracho ndi chala.

"Kwathu ndinachoka ndi kabudula mmodzi ndi ichi," anatero. "Kabudula anatha."

Sindinamvepo manyazi ngati amenewo, ndipo a pagolosale paja anali ochepa. Nkhalamba yakhala zaka zonsezi ikudikira kuti wina wakwawo adzaitchule dzina, mlongo wapezeka, ine n'kudzatseka chitseko ndi chala chimodzi chifukwa chofuna kutamidwa. Tsiku limenelo Agogo sanandiseleule, anangonditchula dzina langa lenileni ngati mlendo.

Masiku otsatira ndinakhala pachulu kuposa kunyumba. Alinafe sankayankha. Ndinatumiza chithunzi chobiriwira chija, cha mawanga, chosafufuta, nditazunguliza chipseracho ndi mzere wofiira. Anayankha mwachidule kuti agogo ake ati pankhope imeneyo pali zipsera zambiri zedi, ndiye chenicheni ndi chiti, komanso munthu amene angathe kuchotsa chipsera angathenso kuchiika. Ndikanatsutsa bwanji? Pomaliza ndinasiya kudziteteza, ndinajambula mawu anga ndikufotokoza zonse mwatsatanetsatane, za sopo, za pampu, za malovu, za neti ya kabichi, osabisa kanthu. Alinafe anandiuza pambuyo pake kuti chimene chinawafewetsa mtima agogo ake ndi pampuyo. Akuti anaimvera kawiri, n'kunena kuti wakuba sangapeke uchitsiru wotere.

Anavomera kukwera kabaza kupita kumsika kuti aonane pafoni, zomwezija Alinafe ananena poyamba ine n'kuzinyoza. Tsiku litakwana Agogo anakwera chulu ndi ndodo, atavala ovolosi yawo yong'ambika pabondo, theka la komboni likutsatira ngati kwatuluka gule. Ine ndinagwira foni, kamera nditaisiya pansi pa bedi. Chithunzi chinayamba n'kudukaduka, kenako panaoneka nkhope ya gogo wochepa thupi, duku kumutu, magalasi pamphuno, milomo atailumanitsa. Moni sanapereke.

"Vula chipewa."

Agogo anavula.

"Sendera."

Agogo anasendeza mutu mpaka chipumi chinagunda foni, pagalasi ponse n'kudzaza chipsera chokhachokha. Tinkangomva phokoso la msika wa ku Dedza, wina akutsatsa kachewere chapatali. Kenako mawu aja anabwera atasweka.

"Sanda. Ndiwedi Sanda, wakuba mbatata yanga yootcha iwe."

"Achemwali," anatero Agogo, "mbatata ija inali yanga."

Analira onse awiri, nafenso tinalira, ngakhale a Moyo a pampu anatembenukira kumbali kukapukuta maso. Misozi isanaume anayamba kukangana za mbatatayo ngati zachitika dzulo, uyu akuti anakumba ndi iye, uyo akuti anaotcha ndi iye, ndipo mpamene tinadziwa kuti chipseracho chinachokera ku mwala umene a Esinati anagenda ali tsidya lina la khwawa, Agogo akuthawa mbatata ili kukamwa. Anafunsana za amoyo ndi za akufa, mayina amene sindinawamvepo, Agogo akulankhula Chichewa chakale chimene kuno sachitulutsa. Ine ndinatambasula dzanja logwira foni, thupi lonse nditalibisa kumbali, ndikupemphera kuti andiiwale.

Sanandiiwale. A Esinati anapukuta misozi ndi nsonga ya duku n'kufunsa kuti wa pampu uja ali kuti. Agogo anandikokera pafoni, ndipo ndinaona kuti akusangalala kwambiri. Gogoyo anandiyang'ana nkhope yonse mosafulumira, n'kufunsa ngati ndine amene ndinafufuta. Ndinavomera, maso ali pansi.

"Mwala umenewo ndinagenda ine, ndili patali, kamodzi kokha. Iwe n'kudzachotsa ntchito yanga osandifunsa?" Anakonza magalasi awo. "Nkhope yakoyo njosalala kwambiri, sindingaikumbukire. Ukadzabwera naye Sanda kuno udzaime pafupi, ndidzakuikira chako. Dzanja likadalipo."

Onse amene anali pachulupo anagwa nacho chiseko, ndipo wokweza kuposa onse anali Agogo, akumenya ndodo pachulu.

Kamera ndinakwera nayo kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Marondera, wokonza ataitsegula anandifunsa ngati inagwera mu injini. Ndimajambulabe, koma zofufuta ndinalumbira, sindidzayerekezanso. Munthu akhale ndi chipsera, akhale ndi njerewere, ngakhale ntchentche itere pamphuno, apita nayo choncho kwa abale ake. Ulendo wa ku Dedza tikuukonzekera mvula ikangotha, ndipo Agogo ayamba kale kulongedza. Ine ndikufunafuna wondibwereka chisoti cha njinga yamoto.